Mbewu ya mlamu wa abwana

Kukondera kwa pantchito sikubwera ndi kalata. Kumayamba ndi mawu ofatsa, olankhulidwa pakhonde kapena m'galimoto: "Pali mnyamata wina amene angatithandizeko pa ntchito iyi," kapena "Musavutike ndi kufunafuna sapulaya, ine ndikudziwa munthu wodalirika." Amene anagwirapo ntchito muno mu Lilongwe, kaya m'makampani a ku Kanengo, kaya m'mabungwe amene amachita lendi nyumba ku Area 47 ndi Area 10, mawu otere anawamvapo. Achinyamata amene angoyamba ntchito akafunsa kuti atani, malangizo amene amamva amakhala awiri okha: khala chete uzidya nawo, kapena siya ntchito. Ine onse awiriwa sindigwirizana nawo, ndipo ndikufuna ndifotokoze mmene zinandiyendera, mwina wina angatolepo kanthu.

Ndine mlangizi wa zaulimi. Pa nthawiyo ndinkagwira ntchito m'bungwe lina lomwe si la boma, limene linkathandiza makalabu a alimi a soya ndi mtedza kumadera a Mitundu ndi Malingunde. Tonse tinali pa kontrakiti ya chaka chimodzichimodzi. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene imatseka anthu pakamwa. Munthu amene akudziwa kuti mu Disembala abwana ndi amene anene ngati apitirize kapena ayi, amaona zinthu zambiri n'kumayang'ana kumbali.

Woyamba kubwera anali mphwawo wa abwana, mnyamata amene anali atangomaliza sukulu. Ntchito yake sinalengezedwe paliponse. Tinangomupeza Lolemba lina atakhala pa desiki, ati ndi wothandizira kusonkhanitsa ziwerengero. Pasanapite nthawi, dzina lake linayamba kupezeka pa mndandanda wa opita ku maphunziro ku Salima ndi ku Mponela, kumene kumakhala alawansi, pomwe ife amene tinkapsa ndi dzuwa pa njinga yamoto tinkatsala. Zinkawawa, sindibisa. Malipiro athu sankafika kumapeto a mwezi, ndipo alawansi ya maulendo otere ndi imene inkalipira fizi ya ana. Mu ofesi munayamba manong'onong'o. Pa nkhomaliro anthu ankangokamba za mnyamatayo, akalowa onse zii.

Ine miseche imeneyo sindinalowe nawo, ndipo mpaka lero ndimalangiza anthu kuti asalowe. Lilongwe imaoneka yaikulu ukakhala mu minibasi kuchokera ku Area 25 kupita m'tauni, koma ndi yaing'ono kwambiri. Amene ukumudandaulira pa nkhomaliro, mkazi wake ali banki m'khonde imodzi ndi mayi a kunyumba kwa abwana, kapena amaimba nawo kwaya. Mawu ako amakafika asanakwane maola awiri, ndipo amakafika atasintha. Chinanso, mnyamatayo sanadzilembe yekha ntchito. Anaitanidwa ndi m'bale wake, ndipo ndani mwa ife akanakana? Ndinayamba kumutenga popita kumunda, n'kumuonetsa kayezedwe ka mizere ndi kalembedwe ka kaundula wa kalabu. Anali wofuna kuphunzira. Mkwiyo wanga sunali pa iye.

Nkhani yeniyeni inabwera ndi mbewu.

Chaka chimenecho tinayenera kugula mbewu ya soya ya mtundu wa Tikolore ndi mbewu ya mtedza, kuti alimi alandire mvula isanayambe. Malamulo a bungwe lathu, monga a mabungwe ambiri, ankafuna makotesheni atatu ochokera kwa ogulitsa osiyana, kenako komiti ikhale pansi isankhe. Makotesheni atatuwo anabweradi. Koma amayi ena a ku akaunti, amene anakhalitsa pa ntchitoyo, anandiitana mwakachetechete n'kuwayala pa tebulo. Mapepala onse atatu anali ndi liwu limodzi lolembedwa molakwika mofanana, pamalo amodzimodzi. Awiri anali ndi mitengo yokwera mosamveka. Wachitatu, wotsikirapo pang'ono, unali wa kampani imene palibe anaimvapo pa nkhani ya mbewu. Mwini wake anali mchimwene wa akazi a abwana. Zimenezi aliyense ankazidziwa, chifukwa bamboyo ankabwera pa ofesi pafupipafupi ndipo abwana ankamutchula poyera kuti alamu.

Amayiwo anandiuza mawu amene sindiiwala. "Mng'ono wanga, ine za oda sindingaletse, zadutsa kale pamwamba. Koma katundu akafika, wosaina kuti ndi mbewu yabwino ndi iweyo, osati abwana. Tsiku limene maodita adzabwere sadzafunsa kuti anakuuza ndani. Adzafunsa kuti siginecha iyi ndi ya ndani."

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani yonse ya kukondera. Bwana amene akulowetsa m'bale wake mu pulojekiti kawirikawiri sasaina yekha mapepala oopsa. Amalankhula pakamwa, ena asaine. Fomu yolandirira katundu amasaina wosunga katundu. Lipoti loti ntchito yagwirika bwino amalemba mlangizi. Mndandanda wa opezeka pa maphunziro amatsimikiza mlembi. Zinthu zikadzaphulika, dzina la abwana limapezeka pamwamba pokha, pamene analemba kuti "ndavomereza malinga ndi malangizo a akatswiri," ndipo katswiriyo ndiwe.

Mtedza unayamba kufika ine ndili kumunda, ndipo mnyamata wosunga katundu anasaina atauzidwa pa foni kuti afulumire. Soya atafika ndinaitanidwa ku nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo. Kunali kotentha, lole itaima pakhomo, dalaivala akuliza hutala kuti timumasule. Ndinayang'ana matumba. Mbewu yovomerezeka imakhala ndi chikalata chosokeredwa pa thumba, chosonyeza mtundu wa mbewu ndi nambala ya gulu lake, umboni woti inayesedwa ndi a Seed Services Unit, amene ali ku Chitedze pa msewu wa ku Mchinji. Matumba awa analibe kanthu. Ena anali matumba akale otembenuzidwa. Ndinamasula limodzi n'kupisa dzanja mpaka m'kati. Njere zina zazikulu, zina zazing'ono, zina zosweka pakati, makoko ndi timiyala tili momwemo. Ameneyu anali soya wa pamsika, wogulidwa kwa mavenda, woyenera kupita ku chigayo kapena ku fakitale ya mafuta. Munthu amene sanalimepo soya angaone ngati kusiyana kwake n'kochepa. Koma soya sachedwa kutaya mphamvu yomera akasungidwa potentha kapena akamenyedwa kwambiri popuntha, ndipo mlimi akabzala n'kusamera, amadzazindikira mvula yobzalira itapita. Chaka chonse chatayika, pakhomo pa munthu amene anakukhulupirira.

Sindinakane kusaina, komanso sindinasaine chabe. Pa fomu panali malo olembapo ndemanga. Ndinalemba kuti matumba ndawawerenga ndipo akwanira, koma alibe zikalata za mbewu yovomerezeka, njere ndi zosakanikirana, ndipo sindingatsimikize ubwino wake mpaka nditayesa kameredwe. Ndinalemba tsiku, n'kusaina pansi pa mawu angawo, n'kujambula fomuyo ndi matumba pa foni. Kenako ndinatapa njere m'matumba osiyanasiyana, wosunga katundu akuona.

Kuyesa kameredwe si ntchito yofuna makina. Umawerenga njere 100, kuziyala pa chiguduli chonyowa, kukulunga, kuika pa mthunzi n'kumawaza madzi tsiku ndi tsiku. Ikatha sabata umafunyulula n'kuwerenga zimene zatulutsa muzu. Ndinachita zimenezi pa ofesi pomwepo, kuseri kwa khitchini, kuti wina asadzanene kuti ndinasinthitsa njere kunyumba. Tsiku lofunyulula ndinaitana amayi a ku akaunti aja ndi mphwawo wa abwana yemwe, kuti awerenge ndi manja ake. Zomera sizinafike ndi theka lomwe. Zina zinali zitaola, zikununkha. Mnyamatayo analemba chiwerengerocho m'buku, nkhope itagwa.

Ndinapita kwa abwana ndekha, chitseko chotseka. Ndinaganiza kaye za mawu oti ndikanene, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti liwu loti mlamu lisatuluke pakamwa panga. Ukangotchula chibale, nkhani imasanduka ya ulemu wa banja, munthu amayamba kuteteza akazi ake ndi kwawo, ndipo za mbewu zimaiwalika. Ndinati: "Bwana, ndabwera kuti mundithandize nzeru. Mbewu ija ndayesa, zotsatira ndi izi. Tikaipereka kwa alimi, mu Januwale mafumu adzabwera pano, ndipo amene amatipatsa ndalama adzamva. Ndikuona kuti tikadali ndi nthawi yoti sapulaya aisinthe."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati: "Mayi, inu mumafuna kuvutitsa zinthu. Soya ndi soya. Alimi akulandira zaulere." Ndinayankha kuti mbewuyo ndi yaulere, koma munda, mphamvu zawo ndi mvula si zaulere. Anati aganiza. Nditabwerera pa desiki ndinalemba imelo yaifupi, yaulemu, yothokoza kuti andimvera, yobwereza zimene takambirana, ndi zithunzi zake. Ndinatumizanso kwa a ku akaunti, chifukwa malamulo athu ankati iwo salipira katundu popanda lipoti la mlangizi. Sindinalumphe abwana kupita kwa akuluakulu. Ndinangoyenda mu njira imene inalembedwa kale m'buku la malamulo a bungwe.

Chizolowezi chimenechi, cholemba zimene wauzidwa pakamwa, ndi chimene ndimalimbikitsa kwambiri. Sichifuna mkangano. Bwana akakuuza pakhonde kuti uike dzina la wakutiwakuti pa mndandanda, umavomera mwaulemu, kenako n'kutumiza uthenga ngakhale pa WhatsApp: "Bwana, ndingotsimikiza, mwati ndiwonjezere dzina ili pa ulendo wa ku Salima?" Ngati zili zolungama ayankha kuti inde. Ngati zili zokhota, nthawi zambiri nkhaniyo imafera pomwepo, kapena amakafuna wina woti amutume. Khalaninso ndi buku lanulanu, lolembamo tsiku, zimene mwatumidwa ndi zimene mwachita. Sungani makope a mapepala okhawo amene mwalemba kapena kusaina inuyo. Mafayilo ena a bungwe musawatulutse, chifukwa pamenepo mungawapatse chifukwa chenicheni chokuchotserani ntchito.

Musaganize kuti zinathera pabwino ngati nthano. Soya anabwezedwa, inde, ndipo mbewu yeniyeni inagulidwa mothamanga kwa ogulitsa ovomerezeka, koma inafika mochedwa ndipo makalabu ena anabzala mvula italowa kale. Mtedza uja unali utagawidwa. M'minda yambiri unamera mwa apo ndi apo. Ndimakumbukira mayi wina wa ku Malingunde amene anandigwira dzanja n'kundiyendetsa mzere ndi mzere, akuloza mapando opanda kanthu. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Alangizi, kodi talakwitsa kubzala ndife?" Funso limenelo linandipweteka kuposa alawansi zonse zimene ndinamanidwa, chifukwa mayiyo ankadziimba mlandu pa chinthu chimene chinapanganidwa mu ofesi ya m'tauni.

Kwa ine, miyezi yotsatira inali yozizira. Moni wa abwana anafupika. Misonkhano ina ndinkaimva itatha. Njinga yanga ikawonongeka, pempho lokonzetsa linkagona pa tebulo. Anzanga ena anayamba kundipewa, kuopa kuoneka kuti ali mbali yanga. Zimenezi muziyembekezere, ndipo ngati muli ndi banja, liuzeni msanga kuti zinthu kuntchito zili motere, kuti ndalama muziigwira mosamala. Ine ndinayamba kutumiza makalata ofunsira ntchito kwina nthawi yomweyo, mwakachetechete, uku ndikugwira ntchito yanga mosaphonya kalikonse. Munthu amene wanena zoona amayang'aniridwa kwambiri. Kuchedwa kwa mphindi khumi kumene ena amakhululukidwa, kwa iwe kumalembedwa.

Maodita otumidwa ndi amene ankatipatsa ndalama anabwera chaka chisanathe. Akulu amati mlandu suola. Anatulutsa makotesheni aja, mafomu olandirira katundu, ndi madandaulo a makalabu. Ine anandifunsa mafunso ochepa, ndinawaonetsa ndemanga yanga pa fomu, imelo ndi buku, basi. Amene anavutika ndi mnyamata wosunga katundu, amene anasainira mtedza atauzidwa pa foni. Umboni wa foniyo panalibe. Anamuchotsa ntchito mwachangu, osamupatsa ndi mpata woti afotokoze mbali yake.

Apa ndi pamene kudziwa malamulo kunathandiza. Lamulo la za ntchito la dziko lino, Employment Act la chaka cha 2000, limati pa gawo 57 munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, apatsidwe kaye mwayi wodziteteza. Limaperekanso miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti munthu akadandaule ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake, kumene timangoti ku Leba. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona nkhani za ntchito limene linakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko. Ine ndi amayi a ku akaunti tinamulimbikitsa mnyamatayo kuti asachedwe. Anapita ku Leba, mbali zonse ziwiri zinaitanidwa, ndipo bungwe linavomera kumulipira zimene anayenera kulandira. Ntchito yokha sinabwerere.

Lamulo la Employment Act lija pa gawo 5 limaletsa tsankho pa ntchito potengera zinthu monga mtundu, chilankhulo, chipembedzo, kumene munthu anachokera, kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1994 amanena pa gawo 31 kuti aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mochitiridwa chilungamo. Komabe ndinene mosabisa: kupita kukadandaula kuti "abwana amakonda mphwawo" popanda pepala lililonse sikungakufikitseni patali. Chimene chimagwira ndi chinthu chooneka: ntchito imene sinalengezedwe pomwe malamulo a bungwe amati ilengezedwe, kotesheni yabodza, malipiro a munthu amene sanapite ku ulendo. Amene muli m'boma kapena m'makampani a boma muli ndi zitseko zinanso. Ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a kupanda chilungamo m'maofesi a boma, kuphatikizapo kalembedwe ka anthu ntchito. Anti-Corruption Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi Corrupt Practices Act ya 1995, imalandira nkhani za kugwiritsa ntchito udindo molakwika. Kagulidwe ka katundu wa boma kali ndi lamulo lakelake, ndipo amayang'anira ndi bungwe la boma lotchedwa PPDA. Amene muli m'mabungwe ngati mmene ndinalili ine, werengani buku la malamulo a bungwe lanu. Ambiri timangolisainira tsiku loyamba n'kuliponya m'dirowa, chonsecho m'menemo ndi mmene muli njira yodandaulira, ndipo mabungwe ambiri opereka ndalama amakhala ndi nambala kapena imelo yoti munthu anene zachinyengo mosadziwika. Ngati pamalo panu pali bungwe la ogwira ntchito, lowani mavuto asanabwere.

Abwana aja anachoka okha kontrakiti yawo itatha, ndipo ndinamva kuti anapeza ntchito kwina. Mphwawo anatsala, ntchito yake italengezedwa bwinobwino n'kupambana mayeso. Ine kontrakiti yanga inawonjezedwa, koma ndinachokabe patapita nthawi nditapeza malo ena.

Sindikufuna kuti muwaone abwanawo ngati chilombo. Ndikudziwa katundu amene munthu wa pantchito amasenza m'dziko muno. Ukangopeza desiki mu Lilongwe, kumudzi amaona ngati uli ndi makiyi a ntchito zonse. Foni imalira m'mawa: mwana wa achemwali wamaliza Fomu 4 ali pakhomo, mlamu bizinesi yagwa, amalume akuti unaphunzira ndi ndalama ya fodya wawo. Amakukumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndipo ndi zoona, ambirife tinafika pamene tilipa chifukwa wachibale wina anatigwira dzanja. Kuthandiza m'bale si tchimo. Cholakwa ndi kumuthandiza ndi chinthu chimene si chako, mobisa, ena n'kulipira mtengo wake. Mlamu uja akanakhala ndi mbewu yeniyeni, abwana akananena poyera kuti uyu ndi m'bale wanga, n'kutuluka m'chipinda komiti isankhe yokha, palibe akanadandaula. Fomu yonenera zimenezi inalipo mu ofesi mwathu, koma sinadzazidwepo.

Pano ndine woyang'anira alangizi anzanga, ndiye mayeso omwewo anandipeza. Titalengeza ntchito ya alangizi awiri, msuweni wanga, mwana wa azakhali, anafunsira nawo. Ali ndi mapepala oyenera. Nditaona dzina lake ndinadzaza fomu ija, ndinauza akuluakulu, ndipo sindinakhale nawo posankha mayina ngakhale pa mafunso. Sanamutenge. Azakhali anakwera minibasi kuchokera ku Nathenje kudzandifunsa pamaso. "Iwe, mwana wa achimwene anga, unatuluka m'chipinda mbale wako ali pakhomo?" Ndinawafotokozera za mtedza wa ku Malingunde ndi za mnyamata amene anachotsedwa ntchito. Anamvetsera, koma sanakhutire, ndipo mpaka pano nkhaniyi ikatchulidwa pa maliro kapena pa ukwati amapukusa mutu. Msuweniyo ndinakhala naye pansi, tinalembanso makalata ake ofunsira ntchito, ndinamuyesa mafunso amene amafunsidwa kawirikawiri, ndipo ndimamulipirira thiransipoti akaitanidwa kwina. Ntchito yokhazikika sanaipezebe. Pakali pano akugwira ya miyezi ingapo yolemba alimi m'kaundula ku Kasiya, imene anaipeza yekha.